KAPUKUTIDWE KABWINO KA GALASI LA KOMPYUTA



Pamene mudayamba kuphunzira kuwerenga, mudayambira pa bolodi ndi choko. Kenaka mudagwira buku ndi pensulo. Lero ambiri a inu mukuwerenganso pagalasi. Uthenga wa mwana wanu amene ali ku Joni umafikira pagalasi la foni. Ndalama zikalowa pa Mpamba kapena pa Airtel Money, mumaziona pagalasi. Mukapita kubanki ku Salima, kalaliki amafunafuna dzina lanu pagalasi la kompyuta. Nawonso ana: kuyambira chaka cha 2023 boma lidayamba kupereka matabuleti m'sukulu za pulaimale kuti ana aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu.

Galasi limeneli ambiri amalitcha sikirini. Likakhala la kompyuta ya patebulo, pamodzi ndi chibokosi chake, amati monita.

Galasi likada, zilembo sizioneka bwino. Nambala 3 imaoneka ngati 8, ndipo 1 amaoneka ngati 7. Tangoganizani mukutumiza ndalama za feteleza, nambala imodzi n'kuphonyeka! Motero kupukuta galasi ndi ntchito yofunika. Koma dziwani ichi: magalasi ambiri amaonongeka m'manja mwa anthu aukhondo, amene amafuna kuwasamala. Ine ndine mmodzi wa iwo.

MMENE NDIDAONONGERA MONITA

Nditangoyamba ntchito yoyang'anira sukulu za kwacha, pa ofesi pathu padali kompyuta imodzi yokha. Mmenemo ndimo tinkasunga maina a ophunzira ndi a alangizi. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ndidapeza monita itachita kuyera ndi fumbi. Ndidati, aa, iyi ndi ntchito yochepa. Ndidatenga botolo la mankhwala otsukira mazenera, n'kupopera pagalasi mokwanira. Kenaka ndidakhwinyata nyuzipepala n'kuyamba kukwecha, monga tichitira ndi zenera la kalasi.

Madzi ena adayenderera mpaka kunsi kwa galasi, n'kulowa m'kati. Ine osalabadira. M'mawa mwake poyatsa, ha! Kunsi kwa monita kudali chibanga chakuda, ndipo mizere iwiri idali itaima kuchokera pansi mpaka pamwamba. Mmisiri adati sizikonzeka. Lipoti la mwezi umenewo lidachedwa, ndipo mbali ina ya mtengo wa monita yatsopano idachoka m'thumba mwanga.

Ndidali nditaphunzira zauphunzitsi, koma izi sindidazidziwe, ndipo sindidafunse. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndalemba kabuku aka kuti inu musadye phula limene ndidadya ine.

GALASI ILI SILIFANANA NDI LA ZENERA

Pali mitundu itatu ya magalasi imene timaiona kuno kwathu.

Mtundu woyamba ndi wa makina akale, a chimsana chachikulu kumbuyo. Pamene Television Malawi idayamba kuulutsa m'chaka cha 1999, akanema amene anthu ankagula adali otere, ndipo mamonita a nthawi imeneyo adalinso otere. Kumaso kwake kuli galasi lenileni, lochindikala ndi lolemera. Limapirira ndithu. Koma m'kati mwake muli ngozi. Magetsi a m'nyumba mphamvu yake ndi mavoti 230, pamene m'kati mwa kanema wakale wa mitundu mphamvu imapitirira mavoti 20,000. Ina imatsalira momwemo ngakhale mwazula pulagi. Musatsekule kumbuyo kwake kuti muchotse fumbi. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Mtundu wachiwiri ndi wa makina a masiku ano, opyapyala ngati mbale. Mamonita atsopano, malaputopu ndi akanema opachika pakhoma ali m'gulu limeneli. Awa ndiwo osachedwa kuonongeka. Tiyeni tione chifukwa chake.

Kumbuyo kwenikweni kuli timagetsi towala. Patsogolo pa timagetsito pali magalasi awiri opyapyala kwambiri. Lililonse silikwana milimita imodzi. Pakati pa magalasi awiriwo pali timadzi tapadera, tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timadzi timeneti ndito timalola kuwala kudutsa kapena kukutsekereza. Chithunzi chimene mukuona chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Pa monita zambiri za lero timadontho timeneti ndi toposa 2 miliyoni, ndipo kadontho kalikonse kali ndi mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wa buluu.

Tsono kunja kwenikweni, pamene chala chanu chimakhudza, nthawi zambiri si galasi ayi. Ndi kachikopa ka pulasitiki, kopakidwa mankhwala oletsa kuthobwa m'maso. Kachikopa kameneka kamakalika msanga, ndipo mankhwala aukali amakasupula. Kakasupuka, galasi limachita mawangamawanga osachoka.

Mtundu wachitatu ndi wa foni zogwiragwira ndi matabuleti. Kunja kwake kuli galasi lolimbirapo, chifukwa adalipanga kuti lizigwiridwa. Koma nalonso adalipaka mankhwala oterera, othandiza kuti mafuta a m'manja asamakanirire. Sopo waukali amachotsa mankhwala amenewa.

ADANI A GALASI KUNO KU CHITALA

Mdani woyamba ndi fumbi. Inu mukudziwa mmene mwera umaombera m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Mukudziwanso akamvuluvulu a mu Okutobala, minda ili mbee. Fumbi limalowa paliponse, ngakhale m'nyumba yotseka.

Fumbi lathu lino lili ndi timchenga. Kodi mukudziwa kuti galasi amalipanga ndi mchenga wosungunula pamoto waukulu? Chodabwitsa n'chakuti mchengawo ndi wolimba kuposa galasi. N'chifukwa chake amayi amakwechera mapoto ndi mchenga. Mukatenga nsalu n'kukanikiza pagalasi la fumbi, mukuchita zomwezo: mukukwecha galasi ndi mchenga. Timizere take simutiona tsiku loyamba. Pakatha miyezi, galasi limayamba kuoneka ngati lagwa nkhungu.

Mdani wachiwiri ndi mafuta a m'manja. Mwangodya kumene nsima ya usipa, kapena mwakazinga mtedza, kenaka mukuloza pagalasi ndi chala. Chidindo cha chala chimatsala pomwepo, ndipo fumbi limamatirira pa mafutawo.

Mdani wachitatu ndi tizilombo. Usiku galasi likamawala, tizilombo touluka timakhamukira pomwepo. Nthawi ya dzinja ndiye kumakhala ngumbi ndi udzudzu. Ntchentche nazo zimasiya timadontho takuda. Musaphere kachilombo pagalasi. Kaingitseni kachoke kaye. Mukakapsinja ndi chala, mukhoza kuphanso timadontho ta chithunzi tili m'kati.

Mdani wachinayi, wamkulu koposa, ndi madzi olowa m'kati. Kunsi kwa galasi kuli timawaya tosaoneka bwino ndi maso. Madzi amatsika pansi nthawi zonse, ndipo amakafikira pomwepo. Ndi zimene zidaononga monita ya ku ofesi kwathu.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

Simufunika kugula mankhwala odula. Zinthu zitatu zokha zikwanira.

1. Tinsalu tiwiri tofewa ndi toyera. Kabwino koposa ndi kansalu kaja kopukutira magalasi a m'maso. Ngati mulibe, dulani chidutswa cha malaya akale a thonje, ofewa, opanda batani, zipi kapena msoko wokhakhala. Chichapeni, muchitsukuluze bwino kuti sopo yense achoke, ndipo muchiyanike pa chingwe. Musayanike pansi kapena pa udzu, chingatole mchenga.

2. Madzi oyera pang'ono. Theka la kapu ndi ambiri kale.

3. Kathumba ka pulasitiki kosungiramo tinsaluto. Tinsalu timeneti tisagwire ntchito ina iliyonse. Tisapukutire thukuta, tebulo kapena njinga.

Pa nkhani ya madzi tiimepo pang'ono. Madzi a m'mijigo ina kuno kunyanja ali ndi mchere. Mwaonapo zoyera zimene zimatsalira m'ketulo kapena m'mphepete mwa ndowa? Zomwezo zimatsala pagalasi madzi akauma. Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma sikumaliza mchere.

Madzi abwino mukhoza kuwapeza m'njira ziwiri. Yoyamba ndi madzi a mvula. Musatape oyambirira, amene atsuka malata. Dikirani mvula igwe kaye, kenaka tcherani beseni loyera, ndipo musefe madziwo ndi nsalu. Njira yachiwiri ndi ya nthunzi. Wiritsani madzi m'poto woyera, wopanda mafuta, ndipo muvindikire. Timadontho timene tasonkhana kunsi kwa chivindikiro tilibe mchere. Tigwetsereni m'kapu yoyera, tizizire. Madontho ochepa okha akwanira ntchito yonse.

Chenjezo: musatape madzi a m'batire la galimoto kapena la sola. Amene ali m'kati mwa batire ndi asidi. Amaotcha khungu, nsalu ndi galasi lomwe.

KAPUKUTIDWE KAKE

Tsatani ndondomeko iyi mosadumpha.

1. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo mupukute manja aume.

2. Zimitsani makina. Zulani pulagi ku soketi. Ngati ndi foni kapena tabuleti, ichotseni pa chaja. Kuzimitsa kuli ndi ubwino uwiri. Kumakutetezani ku magetsi, ndiponso litsiro limaoneka bwino pagalasi lakuda.

3. Dikirani galasi lizizire. Pagalasi lotentha madzi amauma msanga n'kusiya mizere.

4. Chotsani fumbi ndi kansalu kouma. Kapindeni kanayi. Kayendetseni pamwamba chabe, mopepuka, monga mukupukuta nkhope ya khanda. Yambirani pamwamba, kuchokera kumanzere kupita kumanja, monga tiwerengera. Mukatha mzere umodzi, tsikirani pa wina. Kansalu kakada, tembenuzani mbali yoyera. Nthawi zambiri ntchito imathera pompano.

5. Ngati patsala zidindo za zala kapena timadontho ta ntchentche, nyowetsani ngodya imodzi ya kansalu. Finyani kwambiri. Yesani pa dzanja lanu: kakhale kozizira chabe, kosasiya dontho. Madzi apite pa nsalu, osati pagalasi. Ili ndilo lamulo lalikulu m'kabuku kano.

6. Pukutani pamene pali banga pang'onopang'ono. Banga likakana, musaonjeze mphamvu, ndipo musapale ndi chikhadabo kapena lumo. Gunditsani kansalu konyowa pa bangalo, muwerenge mpaka 10 kuti lifewe, kenaka pukutaninso. Bwerezani kawiri kapena katatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

7. Umitsani ndi kansalu kachiwiri kouma.

8. Pukutani chibokosi cha m'mbali ndi kumbuyo ndi nsalu ina. Kumbuyo kuli timabowo totulutsira kutentha. Chotsanimo fumbi ndi kaburashi kouma, koma musalowetsemo waya kapena kamtengo.

9. Dikirani mpaka paliponse pauma, ndipo kenaka muyatse.

Pogwira ntchitoyi, dzanja lina ligwirize monita kumbuyo kuti isagwe. Ngati ndi laputopu, chirikizani chivindikiro chake kumbuyo ndi chikhatho.

Nanga mafuta akachuluka, madzi okha n'kulephera? Gwetsani kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale m'kapu yodzaza madzi. Nyowetsani kansalu, finyani, pukutani. Bwerezani ndi madzi opanda sopo, kenaka umitsani. Chitani izi mwa apo ndi apo, pakafunika pokha.

ZINTHU ZOSAYENERA KUKHUDZA GALASI

Nyuzipepala, pepala la m'kope ndi tishu. Mapepala amapangidwa kuchokera ku mitengo. M'manja amamveka ofewa, koma amakala kachikopa kaja, ndipo amasiya timaubweya.

Phulusa, mchenga, sopo waufa ndi mankhwala okwechera mapoto. Zonsezi n'zokhakhala.

Parafini, petulo, sipiriti ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Izi zimadya pulasitiki ndi kusupula mankhwala a pagalasi. Zimayakanso moto.

Jik ndi madzi a kulorini. Pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 tidaphunzira kuthira kulorini m'madzi akumwa. Kumeneko amathandiza kwambiri, koma pagalasi amaononga.

Mankhwala opopera mazenera. Ambiri ali ndi amoniya, amene amadana ndi kachikopa ka monita.

Malovu. Ena amalavulira pagalasi n'kupukuta ndi malaya amene avala. Malovu amafalitsa matenda, ndipo malaya amene mwayenda nawo mumsewu ali ndi fumbi. Mpango wa m'thumba ndi nsonga ya chitenje n'chimodzimodzi.

NANGA KUPHA TIZILOMBO TA MATENDA PA FONI?

Foni imayenda m'manja ambiri. Imakhudza tsaya ndi pakamwa. Pamene matenda a Covid-19 adabuka m'chaka cha 2020, anthu ambiri ankathira sanitaiza pa foni. Sanitaiza wa m'manja amakhala ndi zofewetsa khungu zimene zimasiya galasi lili nyatinyati, ndipo akachuluka amalowa m'timabowo ta foni.

M'chaka chomwecho kampani ya Apple idalengeza kuti foni zake zikhoza kupukutidwa mopepuka ndi tinsalu tonyowa kale ndi mankhwala otchedwa isopropyl, a mphamvu ya 70 pa 100. Chilolezo chotere si cha makina onse. Monita ndi kanema ndi zanthete kuposa foni. Tsono werengani kabuku kamene kamabwera m'katoni ya makina anu. Ngati kalembedwa m'Chingerezi, pemphani mlangizi wanu kapena mwana wa sukulu akuthandizeni. Ngati kabukuko palibe, gwiritsani ntchito madzi okha. Ndipo kumbukirani kuti kusamba m'manja kumateteza inu ndi foni yomwe.

MADZI AKALOWA M'KATI

Ngozi siinunkha. Mwana akhoza kutayira tiyi, kapena denga kudontha usiku. Zikatero chitani izi.

Ngati makina ali pa magetsi, zimitsani swichi ya pakhoma ndi manja ouma, ndipo muzule pulagi. Ngati batire lake ndi lochotseka, lichotseni. Pukutani madzi onse ooneka. Ikani makinawo pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku awiri kapena atatu.

Musayatse kuti muone ngati akugwirabe ntchito. Kuyatsa makina onyowa ndiko kumawapsereza. Musawaike pa dzuwa la masana kapena pafupi ndi mbaula. Ena amati kwirirani foni mu mpunga. Mpunga suumitsa kuposa mphepo, ndipo fumbi lake limatseka timabowo. Mpunga wa ku Lifuwu ndi wa m'poto! Masiku atatu akatha, pitani nawo makinawo kwa mmisiri, ndipo mumuuze zoona zake za chimene chidatayikira.

KUPEWA KUPOSA KUCHIZA

Galasi losada silifuna kupukutapukuta. Nazi njira zolitetezera.

Mukazimitsa monita kapena kanema, dikirani azizire, ndipo mufunditse nsalu yoyera. Chitenje chakale chochapa bwino chikwanira. Musafunditse makina akuyaka, angatenthe.

Posesa m'nyumba, yambani mwafunditsa makina ndi kuwaza madzi pansi kuti fumbi lisabuke.

Ikani makina kutali ndi zenera loyang'ana kumsewu, kutali ndi utsi wa kukhitchini ndi wa koloboyi, ndiponso posafika dzuwa.

Poonetsa mnzanu mawu pa monita, lozani chapatali. Musagunde ndi chala kapena bolopeni. Tidazolowera kutsata mzere ndi chala powerenga buku. Pa monita chizolowezi chimenechi tichisiye.

Musaike foni m'thumba limodzi ndi makiyi, ndalama zachitsulo kapena misomali. Ngati mungathe, matitsani kagalasi koteteza pamwamba pake. Kakasweka mumangosintha, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi galasi la foni.

Potseka laputopu, onetsetsani kuti pa mabatani palibe bolopeni kapena kanthu kena.

Nthawi ya chilimwe chotsani fumbi kamodzi pa mlungu ndi kansalu kouma. Kansalu konyowa ndi ka pamene pali banga pokha.

MAKINA A GULU

Makina ambiri kuno si a munthu mmodzi. Ndi a sukulu, a kalabu ya alimi, a mpingo kapena a banki m'khonde. Adagulidwa ndi ndalama za mtedza ndi thonje za anthu ambiri, kapena adabwera ngati thandizo limene silibwera kawiri. Chinthu cha gulu chimaonongeka msanga chifukwa aliyense amati mnzanga asamala.

Ena mwa inu muli m'komiti ya sukulu. Pamsonkhano wotsatira funsani mafunso awa: Ndani amapukuta makina athu? Amapukutira chiyani? Tinsalu timasungidwa kuti? Sankhani munthu mmodzi kapena awiri, muwaphunzitse ndondomeko ija. Tsopano mumatha kulemba. Lembani malamulo awa ndi zilembo zazikulu, muwapachike pakhoma pafupi ndi makina:

ZIMITSANI KAYE.
CHOTSANI FUMBI NDI NSALU YOFEWA YOUMA.
MADZI PA NSALU, OSATI PAGALASI.
MUSAKANIKIZE.

MAWU ATSOPANO

Werengani mokweza, kenaka muwalembe m'kope mwanu.

si-ki-ri-ni
mo-ni-ta
ko-mpyu-ta
ta-bu-le-ti
pu-la-gi
so-ke-ti

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. Tchulani adani anayi a galasi la kompyuta.
2. Chifukwa chiyani tiyenera kuchotsa fumbi tisananyowetse nsalu?
3. Kodi madzi a pamjigo wa m'mudzi mwanu amasiya zoyera m'ketulo? Nanga madzi opukutira galasi mungawapeze bwanji?
4. Mnzanu wagwetsera foni m'ndowa ya madzi. Mumulangiza zotani?
5. Kwanuko kuli makina a gulu? Amawasamala ndani?

NTCHITO YOCHITA KUNYUMBA

Pezani tinsalu tiwiri tofewa. Tichapeni, tiume, ndipo mutiike m'kathumba. Pa kapepala lembani kuti ZA GALASI ZOKHA, n'kuika momwemo. Mubwere nako ku kalasi mlungu wamawa, ndipo tidzayesera pamodzi pa foni zathu.